Masiku Atatu mu Mzinda wa Dublin: Zomwe Tidaona, Tidadya ndi Zomwe Tidakana



Mwana wathu wachiwiri adachoka ku Mangochi m'chaka cha 2013 kupita ku Ireland kukaphunzira, ndipo atamaliza adapeza ntchito yosamalira okalamba m'tauni ina ya pakati pa dzikolo. Adakwatira mtsikana wa ku Nkhotakota yemwe adakumana naye komweko, ndipo Allah adawadalitsa ndi mwana wamkazi. Zaka zonsezi timangomva mawu ake pa lamya. Koma tsiku lina m'bale wina adationetsa chithunzi chomwe chidatisowetsa tulo: mwana wathu ataima ndi anzake achizungu pakhomo pa nyumba yomweramo mowa, aliyense tambula ili m'manja. M'baleyo adangoti, "Paja dziko limenelija ndi la mowa," n'kubweza foni m'thumba. Mayi a kunyumba sadadye nsima usiku umenewo, ndipo ine ndidalephera kumufunsa mwanayo pa lamya, poti nkhani yotere imafuna kuonana maso ndi maso.

Tsono pamene adatiitana kuti tikawaone m'mwezi wa June chaka cha 2024, ndidanyamuka ndi funso langa mumtima. Iye adapempha tchuthi ku ntchito, nati tisanapite kunyumba kwake tiyambe takhala masiku atatu mu likulu la dzikolo, mzinda wa Dublin, kuti tione mbiri ya anthu omwe akukhala nawo. Zomwe ndilembe panozi ndi za masiku atatu amenewo.

Kufika kwathu

Tidatera Lachinayi madzulo. Chinthu choyamba kutidabwitsa chidali dzuwa: nthawi idakwana 9 koloko usiku kunja kuli mbee, ana akusewera m'misewu. M'mwezi wa June dzuwa la kumeneko limatuluka cha m'ma 5 koloko m'mawa n'kukalowa cha m'ma 10 koloko usiku, kotero swala ya Maghrib tidaswali pa nthawi yomwe kuno timakhala tagona kale. Mwana wathu adatiuza kuti m'chaka cha 2016, pamene Ramadhan idagwa m'mwezi wa June, ankamanga pafupifupi maola 19 pa tsiku uku akugwira ntchito. Nayo kibla idatisokoneza. Kuno timayang'ana kumpoto, koma ku Dublin munthu amayang'ana kum'mawa chakumwera, moti ine ndidali nditayala kale mkeka molakwika mpongozi wathu asanandikonze mwaulemu.

Mzindawu udamangidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Liffey, pomwe mtsinjewo umathira m'nyanja ya mchere. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu kuno, ndalama yawo ndi euro, ndipo anthu amayenda pa mabasi osanjikizana ndi pa kasitima ka mumsewu kotchedwa Luas. Zikwangwani zonse za boma zimalembedwa m'zilankhulo ziwiri, Chiayirishi pamwamba ndi Chingerezi pansi. Mzinda womwewu pa Chiayirishi umatchedwa Baile Átha Cliath.

Safunsa adadya phula

M'mawa wa Lachisanu ku nyumba yogona alendo adatifunsa ngati tikufuna kadzutsa wa Chiayirishi wathunthu. Ndikadakhala ndekha ndikadangovomera, poganiza kuti kukana chakudya cha eni dziko ndi mwano. Koma mwana wathu adayamba wafunsa zomwe zili m'mbalemo. Abale anga, muli nyama ya nkhumba yokazinga, masoseji a nkhumba, ndi chinthu china chakuda chozungulira chomwe amachitcha black pudding, chomwe amapanga ndi magazi osakaniza ndi mafuta ndi ufa wa oats. Zonsezi kwa ife ndi haraam. Mayi wotipatsa chakudyayo sadakhumudwe ngakhale pang'ono. Adatibweretsera phala la oats lothira mkaka ndi uchi, mazira owiritsa, nsomba yofutsa ndi utsi yotchedwa salmon, ndi buledi wawo wa soda.

Buledi ameneyu amayi ambiri angathe kumupanga kuno. Safuna isiti ayi. Amasakaniza ufa wa tirigu, mchere pang'ono, soda wophikira ndi mkaka wowawasa wonga chambiko, n'kuumba chimbulunga, kuchicheka pamwamba ndi mpeni ndi kuchiika mu uvuni. Kuwawasa kwa mkaka kukakumana ndi soda ndiye kumafufumitsa. Ndi buledi wolemera, wokhalitsa m'mimba, ndipo amamupaka batala wachikasu wa ng'ombe zodya msipu wobiriwira chaka chonse. Mayi a kunyumba adalemba kapangidwe kake pa kapepala, ndipo adayesapo kale kawiri chibwerereni.

Mabuku a anthu akale

Tidayamba ndi Trinity College, sukulu ya ukachenjede yomwe idakhazikitsidwa mu 1592. Kumeneko amasunga buku lotchuka la Book of Kells, lomwe ansembe achikhristu adalemba pamanja cha m'ma 800, m'Chilatini, pa zikopa za ana a ng'ombe. Muli Mauthenga anayi a Akhristu, ndipo zilembo zake adazikongoletsa ndi utoto ndi mizere yolukanalukana yomwe diso limatopa kuitsata. Pamwamba pake pali chipinda chachitali mamita 65 chotchedwa Long Room. Pa nthawi ya ulendo wathu mashelefu ambiri adali opanda kanthu chifukwa mabuku ake akale, pafupifupi 200,000, adali atawachotsa kuti awakonze. M'chipindamo tidaonamo zeze wakale wa zingwe zambiri, yemwe chithunzi chake ndiye chizindikiro cha dzikolo ndipo chili pa makobidi awo.

Nthawi ya Ijumaa itayandikira tidakwera basi kupita ku South Circular Road. Mzikiti wa kumeneko ukauona kunja ungayese tchalitchi, ndipo sungalakwe: idali tchalitchi ya mpingo wa Presbyterian yomwe Asilamu adagula mu 1983. Omwe adayambitsa bungwe loyamba la Asilamu mumzindawu mu 1959 adali ana asukulu, ambiri a iwo ochokera ku South Africa omwe ankaphunzira udokotala. Kalembera wa 2022 adapeza Asilamu oposa 81,000 m'dziko la Ireland. Pamzere womwe ndidaimapo padali Msomali, Mpakistani, Mwarabu ndi mzungu wa komweko. Chomwe ndidachisunga mumtima n'chakuti potuluka, anthu angapo adamupatsa moni mwana wathu pomutchula dzina lake, ngakhale sakhala mumzindawo. Munthu wosapita ku mzikiti sadziwika chotero. Sindidanene kanthu, koma katundu wina adatsika pamutu panga.

M'misewu yozungulira mzikitiwo muli mabutchala ndi malo odyera a halaal ambiri. Mpongozi wathu adagula nyama ya nkhosa komweko, ndipo madzulo ake adatiphikira mphika wotchuka wa dzikolo, Irish stew, m'kakhitchini ka alendo. Ndi nyama ya nkhosa, mbatata ya kachewere, anyezi ndi karoti, zowiritsidwa pamodzi pa moto wochepa kwa maola awiri mpaka mbatata ina itasungunuka n'kulimbitsa msuzi. Alibe tomato, alibe tsabola. Ine ndidafuna kambuzi, koma kunja kukuwaza mvula yozizira ndidamvetsa chifukwa chake eni ake amaukonda. Chenjezo ndi lakuti m'malo odyera ena amathiramo mowa mu msuzi wa nyama ya ng'ombe, ndiye kufunsa sikutha.

Masana a tsikulo tidapita ku malo omwe ndikupempha Msilamu aliyense wofika ku Dublin asawaphonye: nyumba ya mabuku ya Chester Beatty, yomwe ili m'bwalo la Dublin Castle, ndipo kulowa kwake n'kwaulere. Alfred Chester Beatty adabadwira ku New York mu 1875 ndipo adali katswiri wa migodi. Gawo lalikulu la chuma chake lidachokera ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, migodi yomweyo yomwe azigogo athu ambiri a ku Nyasaland adakakhetsako thukuta. Ndi ndalama zimenezo adagula mabuku akale olembedwa pamanja ochokera m'maiko ambiri. Adasamukira ku Dublin mu 1950, ndipo pomwalira mu 1968 adasiyira mabukuwo anthu a ku Ireland.

Mwa chuma chimenechi muli misahafu ya Qur'an yolemekezeka ndi zidutswa zake zoposa 260. Wotchuka kwambiri ndi umene adalemba katswiri wa zilembo Ibn al-Bawwab ku Baghdad m'chaka cha 391 cha Hijra, chomwe ndi cha m'ma 1000 pa kalendala ya masiku onse. Saika yonse poonekera nthawi imodzi poopa kuti kuwala kungaononge mapepala, koma yomwe tidaiona, ya ku Egypt, Iran ndi Turkey, idali yokongoletsedwa ndi golide ndi utoto wobiriwira ngati thambo. Mayi a kunyumba adaima pa galasi lina n'kuyamba kuwerenga motsitsa mawu, mzere ndi mzere, osaphonya. Zilembo zomwe adaphunzira ku madrasa ali kamtsikana, atakhala pamchenga pansi pa mtengo wa mango, zidali zomwezo zomwe munthu wina adalemba zaka mazana angapo zapitazo ku dziko lakutali. Mdzukulu wathu adawayang'anitsitsa modabwa, n'kufunsa bambo ake m'Chingerezi kuti anganga akudziwa bwanji.

Kunja kwa nyumbayi kuli kapinga wozungulira pamalo pomwe padali dziwe lakuda, Dubh Linn, lomwe lidapatsa mzindawu dzina. Pa dziwe limeneli ndi pomwe ankakocheza ngalawa zawo anthu a kumpoto otchedwa Viking, omwe adamanga msasa pano mu 841. Adali amalonda ndi achifwamba nthawi imodzi. Ankagulitsa akapolo, ndipo malonda awo adafika kutali moti makobidi asiliva olembedwa Chiarabu adafukulidwapo m'nthaka ya ku Ireland. Ife a m'mbali mwa nyanja, omwe mbiri yathu ilinso ndi ngalawa, malonda ndi ukapolo, sitingaimve nkhani imeneyi ngati yachilendo.

Njala ya kachewere

Loweruka m'mawa tidatsata mtsinje mpaka pa Custom House Quay. Pamenepo pali ziboliboli zachitsulo za anthu owonda, nsanza zili lendelende, akuyenda molunjika ku doko. Wina wasenza mwana wolefuka paphewa, ndipo kumbuyo kwawo kukubwera galu wowonda ngati iwo omwe. Adazipanga ndi Rowan Gillespie ndipo zidaikidwa mu 1997 pokumbukira njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852.

Mbatata ija timalima ku Dedza ndi ku Ntcheu, yomwe ena amati kachewere, ena mbatatesi, ena ayirishi, kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a ku South America. Idatenga dzina la Ireland chifukwa cha momwe amphawi a kumeneko adaidalirira. Minda yambiri idali m'manja mwa eni malo olemera, ambiri a iwo okhala ku England, ndipo alimi wamba ankachita lendi. Tirigu ndi ziweto zinkapita kolipirira lendiyo, banja n'kutsala ndi kachigawo kakang'ono kobzalapo kachewere. Anthu pafupifupi 3 miliyoni ankadya mbatata yokhayokha m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo bambo wogwira ntchito ankatha kumaliza makilogalamu 6 pa tsiku. Tsono mu 1845 kudabwera chiwawu chomwe chinkadetsa masamba ndi kuoletsa mbatata m'nthaka momwemo, ndipo chidabwereza zaka zotsatizana. Anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa ndi njala ndi matenda, ndipo ena oposa 1 miliyoni adathawira ku America, Canada ndi Britain. Chowawa n'chakuti nthawi yonseyi zombo zinkatulukabe m'madoko a dzikolo zitadzaza tirigu, ng'ombe ndi batala kupita kunja. Mu 1841 chilumba chonse chidali ndi anthu oposa 8 miliyoni, ndipo mpaka lero chiwerengerocho sichidabwererenso pamenepo.

Boma la Britain, lomwe linkalamulira Ireland, lidaitanitsa chimanga chachikasu kuchokera ku America. Koma eni dziko sankachidziwa, mphero zawo zinkalephera kuchigaya bwino, ndipo ambiri adadwala m'mimba pochidya chosapsa. Mayi a kunyumba atamva zimenezi adagwira pakamwa, nati, "Kodi anthu angafe chimanga chilipo, kusowa wowaphunzitsa kukonola ndi kuphika nsima?" Ife tidakumbuka ufa wachikasu wa chithandizo wa chilala cha 1992, ndi nkhani zomwe malemu mayi anga ankasimba za njala ya 1949. Phunziro lake ndi limodzi: banja lodalira mbewu imodzi lili pa ngozi. Amene muli ndi malo, pambali pa chimanga musaiwale chinangwa, mpunga, mbatata ya kholowa ndi mapira.

Thandizo lidachokeranso komwe anthu sankayembekeza. Mu 1847 Sultan Abdulmejid wa ufumu wa Ottoman, mfumu ya Chisilamu ya ku Istanbul, adatumiza mapaundi 1,000 kwa anjala a ku Ireland, anthu a chipembedzo china omwe sadawaonepo. Chaka chomwecho mtundu wa Choctaw wa ku America, womwe udali utathamangitsidwa m'malo a makolo awo, udasonkha madola 170. Sadaka sifunsa mtundu. Ndipo anthu omwe adalawapo njala saiwala: Ireland idatsekula ofesi ya kazembe wake ku Lilongwe mu 2007, ndipo mbali yaikulu ya thandizo lake kuno yakhala ya ulimi ndi kadyedwe koyenera.

Chapafupi ndi zibolibolizo pali chombo chomangidwa motsanzira china chakale chotchedwa Jeanie Johnston. Zombo zambiri za nthawi ya njala ankazitcha mabokosi a maliro chifukwa cha anthu ofera panyanja, koma ichi chidayenda maulendo 16 kupita ku North America osataya munthu ndi mmodzi yemwe, poti chidali ndi dokotala ndipo sankachidzazitsa mopyola muyeso. Eni mabwato onyamula anthu pa nyanja yathu alingalirepo.

Ufulu sudabwere pambale

Kuchoka apo tidalowa mumsewu waukulu wa O'Connell Street, womwe udatenga dzina la Daniel O'Connell, yemwe adamenyera ufulu wa Akatolika mopanda nkhondo mpaka mu 1829 adaloledwa kukhala m'nyumba ya malamulo. Pakati pa msewuwu pali positi ofesi yaikulu, GPO, yomwe nsanamira zake zikadali ndi zipsera za nkhondo. Pa 24 April 1916 gulu la omenyera ufulu lidalanda nyumbayi, ndipo Patrick Pearse, yemwe adali mphunzitsi, adawerenga chikalata cholengeza kuti Ireland ndi dziko lodzilamulira. Patangotha masiku 6 adagonja, anthu pafupifupi 485 atafa, oposa theka anthu wamba. Ine ndidakumbuka John Chilembwe, yemwe adaukira boma la atsamunda omwewo mu January 1915, chaka chimodzi chokha m'mbuyo mwake, nayenso n'kugonja m'masiku owerengeka.

Masana tidapita ku ndende ya Kilmainham, yomwe idatsekulidwa mu 1796 ndi kutsekedwa mu 1924, ndipo tsopano ndi malo oonetsera mbiri. Zipinda zake n'zozizira ndi zamdima. M'nthawi ya njala anthu ena ankaba dala kuti amangidwe, poti mundende munkapezeka kachakudya. M'bwalo la miyala la ndendeyi ndi momwe atsogoleri 14 a kuukira kuja adaomberedwa pakati pa 3 ndi 12 May 1916. Joseph Plunkett adakwatira bwenzi lake Grace Gifford m'kachalitchi ka mundendemo maola ochepa asanaphedwe. James Connolly adali atavulala kwambiri moti sankatha kuima, ndipo adamuombera atamumangirira pampando. Poyamba anthu ambiri a mumzinda sadagwirizane nako kuukirako, koma kuphedwa kumeneku kudatembenuza mitima yawo. Patatha nkhondo ina, mu January 1922 a Britain adapereka Dublin Castle m'manja mwa Michael Collins ndi anzake. Maboma 26 adadzilamulira, ndipo 6 a kumpoto adatsalira pansi pa Britain mpaka lero.

Za mowa, ndi funso langa lija

Popita ku ndendeko tidadutsa pa St James's Gate, pomwe pali fakitale ya mowa wakuda wa Guinness. Fungo la balere wokazinga limamveka msewu wonse. Arthur Guinness adachita lendi malowa mu 1759 pa pangano la zaka 9,000, kulipira mapaundi 45 pa chaka, ndipo alendo ambiri obwera ku Dublin amathamangira kumeneko. Ife tidangodutsa. Sindibisa, mowa uli pakati pa moyo wa anthu a kumeneko. Nyumba yomweramo mowa, yomwe amati pub, ndiyo bwalo lawo: amakambiramo za maliro, za mpira ndi za ndale, ndipo amaimbiramo nyimbo za makolo awo. Ngakhale kachasu wawo, whiskey, dzina lake lidachokera ku mawu a Chiayirishi otanthauza madzi a moyo.

Koma amene amati dziko lonselo ndi la mowa sadziwa mbali inayo. Mumsewu wa O'Connell womwewo muli chiboliboli cha wansembe wa Chikatolika, Theobald Mathew, yemwe mu 1838 adayambitsa ku Cork gulu lolumbira kusiya mowa, ndipo m'zaka zochepa anthu pafupifupi 3 miliyoni adalumbira. Eni ake akuudziwa ululu wa mowa m'mabanja mwawo, moti mu 2022 boma lidaika mtengo womwe mowa sungagulitsidwe motsika kuposa pamenepo. Chakumwa chomwe chili m'nyumba iliyonse ndi tiyi. Anthu a ku Ireland ali m'gulu la omwa tiyi kwambiri pa dziko lonse. Amamukonda wakuda bii, wothira mkaka, ndipo masamba ake ambiri amachokera ku Kenya, Rwanda ndi India. Mlendo akakana kapu yoyamba amamukakamiza kachiwiri ndi kachitatu, monga momwe timachitira kuno ndi nsima.

Madzulo amenewo tidakhala ku Bewley's, nyumba ya tiyi ndi khofi ya mu Grafton Street yomwe idatsekulidwa mu 1927, ya mazenera a magalasi amitundumitundu. Amayi atatuluka ndi mwana kukaonera oimba a mumsewu, ndidatulutsa nkhani ya chithunzi ija. Mwana wanga adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Ababa, m'tambula muja mudali zakumwa za malalanje. Lidali tsiku lotsanzikana ndi mnzathu wopuma pa ntchito. Koma sindikunamizani, zaka zoyamba ndinkapita nawo kawirikawiri ngakhale sindinkamwa, chifukwa kunyumba kudali zii, wolankhula naye panalibe. Kusungulumwa kuno kumapweteka kuposa kuzizira. Ndidasiya nditapeza abale a ku mzikiti." Ndidamuuza kuti malo otero si a Msilamu ngakhale m'manja muli madzi, ndipo adavomera. Koma nanenso ndidadzifunsa: zaka zonsezi pa lamya ndinkamufunsa za ndalama za feteleza ndi za fizi ya azing'ono ake, kodi ndidamufunsapo kangati kuti akucheza ndi yani?

Ku doko la asodzi

Lamulungu tidakwera sitima ya DART kupita ku Howth, mudzi wa asodzi womwe uli ulendo wa theka la ola kuchokera pakati pa mzinda. Apa ndiye ndidamva ngati ndafika kwathu: fungo la nsomba, maukonde oyanikidwa, mbalame zolimbirana matumbo a nsomba, ndi kachilumba ka miyala ka Ireland's Eye kataima patsogolo ngati Boadzulu. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi ake ndi amchere, ozizira ngati a mufiriji, ndipo amaphwa ndi kudzazanso kawiri pa tsiku. M'dokomo mumayandama nyama zotchedwa seal, zonga katumbu wamkulu wonenepa, zodikira kuti asodzi aziponyere zotsala. Tidadya nsomba ya cod yokazinga ndi tchipisi, titayamba tafunsa ngati ufa wokutira nsombayo sadathiremo mowa komanso mafuta omwe akazingira. Ndi nsomba yoyera ya mnofu wambiri ndi minga yochepa, koma kunena zoona siifika pa chambo chowotcha cha pa makala.

Pamenepo ndi pomwe ndidazindikira kuti chomwe ndinkaopa sichidali chomwe chikutayika. Ndidaloza nsomba n'kumufunsa mdzukulu wanga kuti ichi n'chiyani, ndipo adayankha m'Chingerezi, kenaka monyadira adatchulanso m'Chiayirishi chomwe amaphunzira kusukulu. Pa Chichewa kapena Chiyao sadadziwe. Masiku atatu onsewa anganga ake aakazi ankalankhula naye ndi manja. Tsono dziko lomwe tidalimo ndilo mboni ya nkhani imeneyi. Kale anthu ambiri a pachilumbachi ankalankhula Chiayirishi, koma njala idakantha kwambiri madera a kumadzulo komwe chidali cholimba, sukulu zinkaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo makolo eni ake ankaletsa ana awo poganiza kuti chilankhulo cha makolo n'cha umphawi. Lero boma limachiphunzitsa m'sukulu ndi kuchilemba pa zikwangwani, koma kalembera wa 2022 adapeza anthu pafupifupi 72,000 okha ochilankhula tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu, m'dziko la anthu oposa 5 miliyoni. Ine ndidakhala mphunzitsi zaka zambiri, ndipo ndikuvomera ndi manyazi kuti ndidapatsapo ana chibalo chifukwa cholankhula chilankhulo cha amayi awo m'kalasi.

Ndidalankhula ndi mwana wanga ndi mpongozi wathu pa benchi la padokopo. Ndidati Chingerezi mwanayu achipeza kusukulu ndi mumsewu, Chiarabu cha swala achipeza ku madrasa, koma chilankhulo cha kwathu akapanda kuchimva m'nyumba sadzachipeza kwina kulikonse. Mpongozi adati, "Tamva, Ababa, tidangozolowera molakwika." Pobwerera m'sitima anganga ake adamuphunzitsa mawu atatu: nsomba, nyanja, zikomo. Tsopano Lamulungu lililonse amaimba lamya, ndipo lamulo ndi lakuti mphindi zoyamba Chingerezi n'choletsedwa. Akadali kuphotchola, koma moni amapereka bwino.

Mawu kwa ofuna kupitako

Ireland ndi dziko palokha, choncho fufuzani za visa yake padera ngakhale mutakhala ndi ya ku Britain. Nyamulani jekete ya mvula ngakhale m'chilimwe chawo, poti nyengo imasintha kangapo pa tsiku. Matikiti a ku Kilmainham ndi a Book of Kells gulirani pa intaneti masiku angapo m'mbuyo, chifukwa amatha msanga. Pa chakudya, nsomba, mazira, buledi wa soda ndi colcannon, yomwe ndi kachewere wopota wosakaniza ndi kabichi ndi batala, n'zosavuta kupeza, koma funsani ngati sadaikemo tizidutswa ta nkhumba. Mphika wa mumzindawu wotchedwa coddle upeweni, poti ndi wa masoseji ndi nyama ya nkhumba. Musachite manyazi kufunsa. Ife palibe yemwe adatinyoza chifukwa chofunsa.

Ndipo kwa inu makolo anzanga omwe ana anu ali ku Johannesburg, ku Leicester, ku Dublin kapena kwina kulikonse, musaweruze mwana ndi chithunzi chomwe wina wakuonetsani. Mufunseni yekha, ndipo mukamaimba lamya musayambe ndi mavuto a kumudzi. Yambani mwafunsa ngati akuswali, ngati ali ndi anzake abwino, ndiponso ngati adzukulu anu akudziwa kunena kuti zikomo. Allah awasunge ana athu kulikonse komwe akusaka rizki, atiteteze ku njala, ndipo atikumanitsenso ndi iwo tili amoyo. Ameen.